Maenje a ku Nyanga sanali ndende za akapolo

Kum'mawa kwa Zimbabwe, kufupi ndi malire a Mozambique, mapiri a Nyanga ali ndi mizere ya miyala yoyalidwa mopingasa, mzere pamwamba pa unzake mpaka kukafika pamsonga. Malo odziwika kwambiri ndi Ziwa, omwe akhala otetezedwa ndi boma kuyambira 1946. Kale ankatchedwa Van Niekerk Ruins, potengera dzina la mzungu amene anaperekeza katswiri wofukula zakale, David Randall-MacIver, mu 1905.

Za mizereyi palibe wotsutsa kwenikweni. Alimi ankazula miyala m'munda n'kuiyala kuti dothi lisakokoloke, ndipo ankadzalamo mapira, mawere, khobwe ndi nzama. Mkangano uli pa maenje.

Maenjewa ndi ozungulira, omangidwa ndi miyala popanda matope, ndipo ndi akuya kuposa msinkhu wa munthu. Polowera pake ndi kanjira kapansi kokhotakhota, kofunika kuwerama. Atsamunda ataona zimenezi anangogamula kuti munkatsekeredwa akapolo, poti maganizo awo anali akuti munthu wakuda sakanamanga zotere popanda mlendo womulamula. MacIver anakana bodzali, nanena kuti omanga anali Aafirika eni dera.

Roger Summers anafukula malowa cha m'ma 1950, ndipo Robert Soper anapitiriza m'zaka za m'ma 1990. Zimene anapeza zikusonyeza kuti maenjewa anali makola. Kuderali kunapezeka mafupa a ng'ombe zazing'ono kwambiri, zotalika pafupifupi mita imodzi, zoti n'kudutsa bwinobwino m'kanjira kaja. Nyumba zinkamangidwa mozungulira dzenje, ndipo ina inkakhala pamwamba penipeni pa kanjirako. Pansi pa nyumbayo panali kabowo kotsitsirapo mitengo yotsekera njira, moti wakuba kapena fisi sakanatulutsa ng'ombe mwini wake osamva. Kunsi kwa dzenje kunali ngalande yotulutsa madzi osakanikirana ndi ndowe kupita kudimba. Ameneyu anali mlimi wodziwa kufunika kwa manyowa.

Masiku ano kwabweranso ena, monga Ann Kritzinger, amene akuti maenjewa ankatsukiramo golide. Akatswiri ambiri ofukula zakale sakugwirizana nazo, ndipo ine ndili mbali yawo: mafupa, mbewu zopserera ndi nyumba zogonamo zikuloza kumudzi wa alimi. Midzi yambiri yotereyi inamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1600 ndi 1800, ndipo pofika nthawi ya atsamunda anthu anali atasiya kale kulima m'mizere ija.