Matenda a sickle cell: zomwe kafukufuku wapeza ndi zomwe makolo a ku Salima ndi Nkhotakota angachite

Mwana amabadwa wathanzi, amayamwa bwino, koma pofika miyezi 6 manja ndi mapazi ake amayamba kutupa, ndipo mukamugwira amalira osatonthozeka. M'midzi yathu zikatero anthu amathamangira kunena kuti ndi tsempho, kuti bambo kapena mayi ake sanadzisunge. Ena amati walodzedwa, ndipo mwana amatemedwa mphini pamimba. Nthawi zambiri vuto limakhala m'magazi, ndipo dzina lake ndi sickle cell.

Matendawa amachokera kuti

Maselo ofiira a m'magazi amakhala ozungulira ndi ofewa, kotero amadutsa mosavuta m'timitsempha ting'onoting'ono. Mwa munthu wa sickle cell maselowa amauma n'kupindika ngati zenga lodulira mpunga. Akatero amatseka timitsempha, ndipo ululu wake umakhala woopsa m'mafupa, pachifuwa ndi m'mimba. Amafanso msanga, masiku 10 mpaka 20 okha pomwe selo labwino limakhala masiku pafupifupi 120. N'chifukwa chake mwanayo amangokhalira kuchepa magazi ndipo maso ake amachita chikasu.

Gwero lake ndi kachilembo kamodzi kamene kanasintha mu DNA, malangizo a chibadwa amene timatengera kwa makolo. Mwana amadwala pokhapokha atatengera kusinthako kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Kholo limene lili ndi mbali imodzi yokha silidwala, limalima ndi kupalasa bwato ngati wina aliyense. Makolo onse awiri akakhala otero, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi matendawa ndi umodzi pa 4. Sizitanthauza kuti mwa ana 4 adzadwala mmodzi yekha ayi. Banja lina ana atatu otsatizana amadwala, lina onse amapulumuka. Choncho apongozi, musathamangitse mkazi wa mwana wanu ponena kuti wabweretsa matenda pamtundu. Theka lake lachokera kuchimuna.

Ife a m'mphepete mwa nyanja nkhaniyi ikutikhudza chifukwa cha malungo. Mu 1954 Anthony Allison, amene anakulira ku Kenya, anasonyeza kuti anthu amene ali ndi mbali imodzi yokha ya sickle cell amatetezedwa ku malungo aakulu. Kumene udzudzu wakhala ukupha ana kwa mibadwo yambiri, ana oterewa ankapulumuka n'kudzabereka awo, ndipo kusinthako kunafala. Mwa ana oposa 500,000 amene anabadwa ndi matendawa padziko lonse mu 2021, ambiri anabadwira kuno ku Africa. Koma dziwani kuti mwana amene akudwala sickle cell yeniyeni alibe chitetezo chimenechi. Malungo kwa iye ndi oopsa kwambiri.

Zatsopano za kafukufuku

Asayansi anamaliza kuwerenga mbali yaikulu ya DNA ya munthu mu 2003, ndipo mipata yotsala inatsekedwa mu 2022. Pakati pa zaka zimenezi panatulukira njira yotchedwa CRISPR yodulira DNA pamalo enieni amene munthu akufuna, ndipo Emmanuelle Charpentier ndi Jennifer Doudna analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2020. Chakumapeto kwa 2023 dziko la Britain, kenako la America, linavomereza Casgevy, chithandizo choyamba chogwiritsa ntchito CRISPR, ndipo ndi cha sickle cell.

Mmene chimagwirira ntchito n'zofunika kuzimvetsa. Mwana ali m'mimba amakhala ndi mtundu wina wa hemoglobin, chinthu chonyamula mpweya m'magazi, umene supindika. Akabadwa thupi limasiya pang'onopang'ono kupanga mtunduwu, ndipo n'chifukwa chake miyezi yoyamba khanda limaoneka bwinobwino. Madokotala amatenga maselo opanga magazi a wodwalayo, n'kuwakonza kuti ayambirenso kupanga hemoglobin ya ukhanda ija, kenako n'kuwabwezera m'thupi. Asanawabwezere wodwala amalandira mankhwala amphamvu ophera maselo akale a m'mafupa, ndipo amagona m'chipatala milungu ingapo. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi. Zimawawa kuti mankhwala a matenda amene akuzunza kwambiri ana a ku Africa ali kutali chonchi ndi ana amenewo.

Komabe pali mankhwala akale, otsika mtengo, amene amachulukitsa hemoglobin ya ukhanda yomweyo: hydroxyurea. Sachiza, koma kafukufuku wa REACH amene anachitika ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda, n'kufalitsidwa mu 2019, anapeza kuti ana omwa mankhwalawa ululu unkawagwira mwa apo ndi apo, ankadwala malungo mocheperapo, kuwonjezeredwa magazi kunachepa, ndipo imfa zinachepanso. Amamwedwa tsiku lililonse, ndipo magazi a mwana amayenera kuyezedwa pafupipafupi. Musagule nokha, apereke ndi adokotala.

Zoyenera kuchita panyumba

Choyamba ndi kuyezetsa magazi. Ngati mwana amatupa manja, amawonjezeredwa magazi kawirikawiri, kapena munatayapo mwana ndi zizindikiro zomwezi, uzani mlangizi wa zaumoyo kapena adokotala kuti mukufuna ayezedwe sickle cell. Masiku ano kuli tizipangizo toyezera ndi kadontho ka magazi a pachala. Kumene kulibe, pemphani kalata yopitira ku chipatala cha boma, ndipo kukafunika amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Achinyamata amene kwawo kuli matendawa ayezetse asanamange banja.

Mwana akapezeka nawo, alandire katemera yense, amwe penicillin tsiku ndi tsiku mpaka zaka 5 monga adokotala anenera, komanso folic acid ndi mankhwala oteteza malungo. Azigona mu neti usiku uliwonse. Kuzizira kumadzutsa ululu, choncho mphepo ya mwera ikamaomba mu Juni ndi Julaye muvekeni zofunda, ndipo asakhalitse m'nyanja posamba ndi anzake. Akatuluka m'madzi mupukuteni msanga. M'chilimwe, dzuwa la Okutobala likang'amba, azimwa madzi pafupipafupi, ndipo popita kusukulu atenge botolo lake.

Pemphani anamwino akuphunzitseni kukhudza kapamba, pansi pa nthiti za kumanzere. Kapamba akakula mwadzidzidzi, zikhatho ndi milomo n'kuyera, mwana n'kulefuka, magazi akuthera mmenemo. Nyamukani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Chitaninso chimodzimodzi thupi likatentha, akamabanika kapena kumva kuwawa pachifuwa, pakamwa pakapotoka, kapena dzanja kaya mwendo ukafooka mbali imodzi. Mukafika, uzani oyamba kukulandirani kuti mwanayo ali ndi sickle cell, ndipo musaiwale buku lake la kuchipatala.