Mphaka wobadwira kuseri kwa msika angazolowere m'nyumba?

Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri kwa anthu akwathu okhala ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mumzinda wa Harare. Ife osamalira ziweto timayamba tafunsa msinkhu wake, chifukwa nkhani yagona pamenepo.

Kamphaka kamaphunzira kuti munthu si mdani kali ndi masabata 2 mpaka 7. Ka miyezi iwiri kamafatsa msanga, koma ka miyezi inayi kamafuna kuleza nako mtima kwa masabata ambiri.

Mukakatenga, musakalole kuyendayenda nyumba yonse, kakabisala kunsi kwa bedi osatulukanso. Kaikeni m'chipinda chaching'ono chopanda phokoso, muli katoni yogonamo, madzi ndi beseni la mchenga lodzithandiziramo. Chimene chimagonjetsa mantha ake ndi chakudya. Musasiye mbale yodzaza tsiku lonse. Bweretsani nokha kangapo patsiku, khalani pansi chapambali, kadye inu muli pomwepo. Lero mbale ili patali, mawa ili pafupi ndi phazi lanu, kenako kayamba kunyambita nyama ya nkhuku yophika pa supuni. Nthawi yokasisita kumsana ndi pamene kali kudya. Kakapinda makutu, n'kutukumula ubweya, n'kumati fuu, chonde musakamenye, ndi mantha chabe amenewo. Musakayang'anitsitse m'maso, kwa mphaka kumeneko n'kuputa ndewu. Kakakuzolowerani, ena a m'nyumbamo azikagwiranso, apo ayi kadzadziwa inu nokha.

Mkaka wa ng'ombe umakatsegula m'mimba, ndipo Panado amapha mphaka. Chiwewe chilipo muno m'Zimbabwe, choncho kabayitseni katemera kakakwana miyezi itatu. Mphaka wosadziwika akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Za mphaka wamkulu amene sanagwidwepo ndi munthu, ndinene mosabisa: kumutsekera m'nyumba n'kumuzunza. Funsani a SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, kapena dokotala wa ziweto kuti amugwire ndi khola la msampha, amuthene kapena amutseke ngati ndi wamkazi, amubaye katemera, kenako abwerere komwe anazolowera, azikagwira makoswe. Musachedwe nazo, chifukwa wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha, ndipo amaswa pakangotha masiku pafupifupi 65. Mukaona mphaka wodulidwa nsonga ya khutu, dziwani kuti ameneyo anamuchita kale opaleshoni yoti asabereke.