Mchere Suphulika: Zoona Zake za Kanema wa Sodium

Kanema uja wabweranso m'magulu athu a WhatsApp kuno ku Johannesburg. Munthu wovala magolovesi m'labotale amaponya kachidutswa kotuwa m'madzi, kamathamangathamanga pamwamba, kenako phuu, moto! Pansi pake amalemba kuti chimenechi ndicho amaika mu mchere ndi soda wa m'masitolo, ati tikudya poizoni.

Kanemayo ndi weniweni koma mawuwo ndi bodza. Chija ndi chitsulo cha sodium chili pachokha, chofewa moti mpeni umachidula, ndipo amachisunga m'mafuta chifukwa chikakhudza madzi chimatulutsa mpweya wa hydrogen womwe umayaka. Sodium akaphatikizana ndi chlorine amasanduka chinthu china, sodium chloride, ndiwo mchere wathuwu. Soda amene amayi amathira mu therere ndi sodium bicarbonate. Tamuthira kangati m'mphika wowira osaphulika?

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi caustic soda, yemwe ndi sodium hydroxide, wopangira sopo ndi kutsegulira mapaipi otsekeka. Ameneyo amaotcha khungu ndi kukhosi. Ambiri a ife timakhala m'kachipinda kamodzi ka lendi ku Hillbrow kapena Yeoville, pophikira ndi pochapira pali pomwepo. Caustic soda musamuike pafupi ndi zakudya kapena m'botolo la zakumwa, mwana angamwe.

Mukakayika, tembenuzani paketi muwerenge dzina lonse, kapena funsani ku famase. Vuto la mchere ndi kuuchulutsa: bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku poopa BP.

Chonde, kanemayo akakufikani musamutumize kwina, ndipo muwauze zoona amene akutumiziraniwo.