Musanagwetse nyumba yakale ku Mzuzu, yambani mwakwera padenga

Nkhani ya nyumba zakale ikabuka, anthu amatchula Mandala ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, kapena Stone House ya Dr Robert Laws ku Livingstonia. Mzuzu samutchula. Mzindawu unaphukira pa esiteti ya mitengo ya tung, imene mbewu zake amayengera mafuta, kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo unalandira ulemu wokhala mzinda mu 1985. Choncho nyumba zake zakale ndi za m'ma 1950 ndi 1960: zanjerwa zowotcha, zamakhonde aatali, zina zili ndi chumuni chifukwa cha kuzizira kwa kuno. Ambiri amaziona ngati mabwinja ongodya malo.

Malowo akusowadi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 220,000 mumzindawu, ndipo mwini puloti pakati pa tauni akawerengera lendi ya mashopu osanjikizana n'kuganiza zogwetsa nyumba yakale, sindimuda.

Koma pa ntchito yanga yojambula mapulani a nyumba, zambiri zimene ndimaitanidwa kukaziona "zitatha" sizinathe ayi. Chimaziwononga ndi madzi. Mvula ya kuno imagwa mpaka Epulo, nthawi zina kupitirira. Lata limodzi likadontha, mitengo ya denga imawola, chiswe n'kupeza polowera. Kenako mwini nyumba, mwa chifundo chake, amamata khoma ndi pulasitala wa simenti yambiri. Apa ndiye pamalakwika. Njerwa za makoma ambiri akale anazilumikiza ndi dothi kapena laimu, zimene zimalola chinyezi kutuluka. Simenti imachitsekera mkati, njerwa n'kumafumbutuka kuseri kwa penti wonyezimira. Kusintha malata, kukumba ngalande yochotsa madzi m'mbali mwa maziko ndi kumata ndi laimu kumadya ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi kugwetsa n'kumanganso.

Mwayi wina ndi woti nyumbazi zinapatsidwa mapuloti aakulu. Nthawi zambiri ndimalangiza kuti yosanjikizana imangidwe kumbuyo, yakaleyo ikhale ofesi kapena lesitilanti kutsogolo. Dzenje la maziko atsopano likhale patali ndi khoma lakale, apo ayi ming'alu siichedwa.

Si nyumba iliyonse yoyenera kuisunga. Zina ndinavomereza ndekha kuti zigwe. Lamulo loteteza zinthu zakale lilipo, koma boma silingateteze nyumba imene palibe anailemba m'kaundula. Ntchito yoyamba ya khonsolo ya mzinda ndi nyumba yosungira zakale ya Mzuzu ikanakhala imeneyo: kuyenda msewu ndi msewu, kujambula zithunzi, ndi kufunsa agogo amene anagwira ntchito pa esiteti ija adakali moyo.