Makilomita okha sasankha oyilo wa injini yanu

Pali mawu amene ndatopa nawo m'galaja: "Galimotoyi yakalamba, tiithire oyilo wolemera." Amawanena eni magalimoto, amawanena ogulitsa oyilo, ndipo chondiwawa n'chakuti amawanenanso amakaniko anzanga ena amene anayenera kudziwa bwino. Munthu wangoona kuti mita yadutsa makilomita 150,000, basi wasiya oyilo wa 5W-30 amene galimoto yakhala ikuyendera kuyambira ili yatsopano, wathira 20W-50. Sanayeze kalikonse. Sanafunse ngati injini ikudya oyilo, sanayang'ane utsi, sanaike geji.

Makilomita sakuuzani za m'kati mwa injini. Ndatsegulapo injini zoyenda 300,000 n'kupeza zitsulo zili mbee, chifukwa mwini wake sankaphonya sevisi. Ndatsegulaponso zina zosafika n'komwe 100,000 koma zodzaza matope akuda. Ziwirizi simungazipatse mankhwala amodzi.

Manambala a pachigubu aja amachokera ku muyezo wa bungwe la mainjiniya a magalimoto la SAE wotchedwa J300. Ya kumanzere, yokhala ndi W, imanena mmene oyilo amayendera injini isanatenthe. Ya kumanja imanena kulemera kwake pa madigiri 100 a Celsius, pamene injini ili pakati pa ntchito. Oyilo wa 30 amakhala pakati pa 9.3 ndi 12.5 centistokes (muyezo wa kulemera kwa oyilo), wa 40 pakati pa 12.5 ndi 16.3, wa 50 pakati pa 16.3 ndi 21.9. Ndiye kulumpha kuchoka pa 30 kukafika pa 50 ndi kuwonjezera kulemera ndi theka n'kupitirira. Si kusintha kwapang'ono.

Ena amati kumene amakhala kulibe chisanu, choncho W alibe nayo ntchito. Ayi ndithu. Injini yogona usiku wonse ndi yozizira ngakhale kunja kutafunda. Pa madigiri 40, amene kwa munthu ndi kutentha koopsa, 20W-50 amakhala wolemera kuposa kawiri poyerekeza ndi 5W-30. Mukaliza galimoto m'mawa, pampu imayenera kukoka oyiloyo kuchokera mu sampu n'kumukankhira mpaka pamwamba pa injini, ndipo nthawi yonse imene akuchedwa m'njira zitsulo zimakhala zikukhulana ndi kaoyilo kochepa kotsalira dzulo. Kutha kwambiri kwa injini kumachitika pa mphindi zoyambazo.

Ndiponso injini za masiku ano sizigwiritsa ntchito oyilo poterereretsa zitsulo pokha. Mpata wa pa ma bearing a crankshaft nthawi zambiri umakhala pakati pa mamilimita 0.02 ndi 0.05. Zipangizo ngati VVT-i ya Toyota kapena i-VTEC ya Honda zimasuntha nthawi yotsegukira mavalavu ndi mphamvu ya oyilo wodutsa m'timabowo ting'onoting'ono ndi pa kasefa ka solenoid, kavalavu ka magetsi kowongolera oyiloyo. Tensioner ya tcheni cha timing pa injini zambiri imakungidwanso ndi oyilo yemweyo. Mukathira wolemera kwambiri, zonsezi zimayankha mochedwa. Mumayamba kumva tcheni chikuchita phokoso poliza, nyali ya check engine yayaka, mafuta akutha msanga, n'kumati galimoto yakalambadi, pomwe mwaikalambitsa nokha.

Sindikunena kuti oyilo wolemera ndi woipa. Injini zambiri za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990 zinapangidwira 15W-40 kapena 20W-50, ndipo ngati buku la galimoto yanu likunena zimenezo, thirani osaopa. Komanso injini imene yathadi pang'ono m'ma bearing imapindula mukakwera sitepe imodzi pa nambala ya kumanja: kuchoka pa 5W-30 kupita pa 5W-40, kapena pa 0W-20 kupita pa 0W-30 ngati buku likuloleza. Sitepe imodzi yokha, ndipo W musamukweze popanda chifukwa. Musaiwale zilembo zina za pachigubu, za API kapena ACEA, zosonyeza gulu ndi ubwino wa oyiloyo. Galimoto ya dizilo yokhala ndi sefa ya utsi yotchedwa DPF imafuna oyilo wosiya phulusa lochepa, monga wa gulu la ACEA C, kaya yayenda motani. Palinso oyilo wolembedwa kuti high mileage, amene amamugulitsira magalimoto odutsa mamailosi 75,000, kapena kuti makilomita pafupifupi 120,000. Ameneyu ali ndi mankhwala ofewetsa ma seal a labala amene auma, ndipo amapezeka mu kulemera komweko kumene buku lanu likufuna. Seal yongonyowa pang'ono angaithandize. Yong'ambika sangaisoke.

Koma musanakwere sitepe imeneyo, pezani kaye kumene oyilo akupita. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, dzazani mpaka pa mzere wa pamwamba wa dipstick (kachitsulo koyezera mulingo wa oyilo), yendani makilomita 1,000, muonenso. Utsi wa buluu wotuluka mukangoliza kenako n'kusiya kawirikawiri umaloza ku ma seal a mavalavu. Wotuluka mukaponda moto umaloza ku maringi a pisitoni, ndipo pa galimoto ya turbo, turboyonso iyenera kuonedwa. Kavalavu ka PCV, kotulutsa mpweya wa m'kati mwa injini, kakatsekeka, mpweya umadzadzana m'kati mwa injini n'kumakankha oyilo m'ma seal ndi m'magasiketi. Kanthu kakang'ono kosavuta kusintha, koma ndaona anthu akuthira oyilo wolemera chaka ndi chaka chifukwa cha iko. Maringi omatirira ndi kaboni nawonso safuna oyilo wolemera. Timabowo tobwezera oyilo kuseri kwa ringi tikatsekeka, wolemerayo ndiye amavutika kwambiri kubwerera pansi.

Pali nkhani imodzi imene siichoka m'mutu mwanga. Bambo wina anabwera ndi galimoto yaing'ono ya petulo, injini ya malita 1.5, yosamalidwa bwino kunjaku. Dandaulo lake linali lakuti akaima pa maloboti injini itatentha, nyali yofiira ya oyilo imaphethira. Nditatsegula chivindikiro chothirira oyilo n'kuwalitsa tochi, ndinaona matope akuda atamatirira pa zitsulo, ndipo kunsi kwa chivindikirocho ndinachita kupala ndi chikhadabo. Geji inasonyeza pulesha yotsika. Ndinawauza kuti, "Bambo, iyi isayendenso. Titsitse sampu tione sefa ya pampu, ndikuganiza kuti yatsekeka." Iwo anati, "Amisiri, mawa ndili ndi ulendo, ndikabwerako ndiibweretsa." Ndinawachonderera, koma anapita.

Kumene analowera anawathirira 20W-50 ndi kabotolo ka mankhwala aja onanda ngati uchi. Nyali inasiya kuphethira, chifukwa oyilo wolemera amachedwa kutuluka m'ma bearing, ndiye pulesha imaoneka ngati yakwera. Bamboyo anakhulupirira kuti vuto latha. Galimotoyo inabwerera kwa ine pa chingwe, injini itanoka. Titatsitsa sampu, sefa inali itatsekeka pafupifupi yonse, kwangotsala kampata kakang'ono m'mbali. Ma bearing anali atadyeka mpaka kuonekera mkuwa, crankshaft itakandika. Pampu imene inkavutika kale kukoka oyilo wopepuka pa kampata kameneko inapatsidwa wolemera woti ikoke. Ntchito imene ikanakhala yotsuka sefa ndi kusintha gasiketi ya sampu inasanduka ovaholo yathunthu. Chimandipweteka n'chakuti munthuyo sanali wosasamala. Ankaikonda galimoto yake, ndipo anaipititsa kwa munthu amene ankamuyesa wodziwa.

Ndiye chenjerani ndi aliyense amene akukusankhirani oyilo pongomvetsera kulira kwa injini kapena kupotokola dontho pakati pa zala. Zala siziyeza centistokes. Chenjerani ndi wokuuzani kuti musakanize oyilo wa giyabokosi mu injini kuti phokoso lithe. Chenjerani ndi oyilo wa m'zigubu zosamatidwa, wopanda chizindikiro cha API kapena ACEA, chifukwa zolembedwa kunja sizitsimikizira zimene zili m'kati. Ndipo injini imene yakhala nthawi yaitali osasinthidwa oyilo musalole kuti aithire mankhwala amphamvu otsukira m'kati sampu isanatsitsidwe. Matope onse oyoyokawo amathera pa sefa ija.

Mukaona oyilo akuoneka woyererako, madzi a mu radiator akuchepa, nkhani si ya kulemera kwa oyilo, madzi akulowa mu injini. Mukaona mulingo pa dipstick ukukwera wokha ndipo ukununkha petulo kapena dizilo, mafuta akutsikira mu sampu n'kumasungunula oyiloyo. Palibe nambala ya pachigubu imene ingakonze zimenezi, ndipo tsiku lililonse limene mukuyendabe ma bearing akudyeka.

Nyali yofiira ija pa magalimoto ambiri imayaka pulesha itatsika kale kwambiri, pansi pa theka la bar (muyezo wa pulesha). Ikamaphethira, ngakhale pa maloboti pokha, musadikire kumapeto kwa mwezi ndipo musanene kuti ndingofika kunyumba kaye. Patukani, zimitsani injini, yang'anani dipstick. Ngati oyilo alimo wokwanira koma nyali ikuyakabe, galimotoyo ikokedwe mpaka kwa makaniko amene ali ndi geji ya pulesha ya oyilo, ndipo muumirire kuti ayeze injini itatentha, akuonetseni nambala yake pambali pa ya m'buku.