Mbendera yathu ndi dzuwa lomwe anthu anakanganirana

Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire. Amayi ogulitsa kabichi ndi mbatatesi akhoza kukhala ku Malawi, wogula n'kuima ku Mozambique, komwe mbendera yake ili ndi mfuti, khasu ndi buku. Yathuyi ilibe chida chilichonse, koma zimenezi sizitanthauza kuti inabwera mwamtendere.

Ana kusukulu amaloweza kuti mtundu wakuda ndi anthu a mu Africa, wobiriwira ndi chonde cha dziko, wofiira ndi magazi a omenyera ufulu. Kuno ku Ntcheu magaziwo ali ndi eni ake. Mu 1896 atsamunda anapha Inkosi Gomani Chikuse chifukwa chokana kuwagonjera. Mwana wake, Inkosi Philip Gomani, anakaniratu chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, nauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma a zaulimi. Anamuchotsa paufumu, ndipo anamwalira chaka chotsatira asanabwerere pampando.

Masiku amenewo mbendera ya Nyasaland inali yabuluu, pakona pali ya Britain, kwinaku kachishango kokhala ndi kambuku ataima pathanthwe, dzuwa likutuluka pamwamba pake. Ambiri sadziwa kuti dzuwali ndi lakale chonchi, moti ngakhale pa mbendera ya chitaganya chodedwacho linalipo. Pa 6 July 1964 kambuku anachoka, dzuwa linatsala, koma tsopano lofiira, la mizere 31, pansalu yakuda. Mitundu itatuyo inatengedwa ku mbendera ya chipani cha Malawi Congress.

Mkangano unabuka mu 2010. Boma la Bingu wa Mutharika linati dziko latukuka, ndiye sitingamangonena kuti kukucha patatha zaka 46. Pa 29 July mbendera ina inakwezedwa: wofiira pamwamba, wakuda pakati, wobiriwira pansi, ndi dzuwa loyera lathunthu la mizere 45 pakatikati. Mipingo, mabungwe ndi zipani zotsutsa anadandaula kuti anthu sanafunsidwe mokwanira, komanso kuti ndalama zosinthira mbendera m'masukulu ndi m'maofesi onse zikanagwira ntchito ina. Ine ndimaona kuti chimene chinaiphetsa ndi nthawi yomwe inafikira. Pasanapite nthawi kusowa kwa mafuta a galimoto kunafika poipa, madalaivala a minibasi akugona pamizere, ndipo pa zionetsero za 20 July 2011 anthu anaphedwa. Munthu wogona pamzere ungamuuze bwanji kuti dzuwa lafika paliwombo?

Bingu anamwalira mu April 2012. Joyce Banda atangolowa m'boma, Nyumba ya Malamulo inavota pa 28 May kuti mbendera ya 1964 ibwerere. Ya dzuwa loyerayo inatsitsidwa isanakwanitse n'zaka ziwiri zomwe.