Mlembi wamkulu wa United Nations amasankhidwa bwanji? Mafunso ndi mayankho

Kuyambira mu 1946, anthu 9 okha ndi amene akhalapo pa mpando wa mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, ndipo onsewo ndi amuna. Lamulo lowasankhira ndi lalifupi zedi. Koma mukatsata mbiri ya anthu amenewa, mmene analowera ndi mmene ena anatulukira, mumaona kuti nkhani yaikulu yagona pa zimene lamulolo silinena.

Kodi lamulolo limati chiyani kwenikweni?

Gawo 97 la malamulo oyendetsera bungweli, amene anasainidwa ku San Francisco mu 1945, limangoti mlembi wamkulu aziikidwa ndi Msonkhano Waukulu wa mayiko onse potsatira dzina limene Khonsolo ya Zachitetezo yapereka. Basi. Silitchula msinkhu wa munthu, maphunziro ake, kapena kumene ayenera kuchokera. Ngakhale zaka zisanu zokhala pa mpando zija sizili m'gawo limeneli. Zinabwera ndi chigamulo cha Msonkhano Waukulu mu 1946, ndipo zoti munthu asapitirire maulendo awiri ndi chizolowezi chabe.

Ndiye kuti mayiko onse 193 ali ndi mawu ofanana?

Papepala zimaoneka choncho, koma mphika umaphikidwira ku Khonsolo. Kumeneko kuli mayiko 15. Munthu amafunika mavoti 9, komanso pasapezeke ngakhale dziko limodzi lomukana mwa mayiko asanu okhazikika, omwe ndi America, Britain, France, Russia ndi China. Mphamvu yokana imeneyi ndi imene amati veto. Khonsolo ikagwirizana imatumiza dzina limodzi lokha, ndipo Msonkhano Waukulu sunabwezepo dzina lotere. Kawirikawiri nthumwi zimangovomereza powomba m'manja.

Asanavote zenizeni, amayamba ndi mavoti ongoyesera, m'chipinda chotseka. Kazembe aliyense amalandira pepala ndipo pa dzina lililonse amachonga chimodzi mwa zitatu: ndikumulimbikitsa, sindikumulimbikitsa, kapena ndilibe maganizo. Zinthu zikamafika kumapeto, mayiko asanu aja amapatsidwa mapepala a mtundu wina. Apo ndi pamene munthu amadziwa ngati womukanayo ndi wamng'ono kapena ndi mmodzi wa eni veto, ngakhale sauzidwa kuti ndi uti.

Kodi veto inagwetsapo munthu amene ambiri ankamufuna?

Kangapo konse, ndipo nkhani ya mu 1981 ndi imene imandiwawa mpaka pano. Kurt Waldheim wa ku Austria ankafuna ulendo wachitatu. Mayiko a mu Africa anaimika Salim Ahmed Salim wa ku Tanzania, kazembe wodziwa ntchito amene anali mmodzi mwa olimbikira kuti boma la ku Beijing lilandire mpando wa China m'bungweli mu 1971. China inakana Waldheim, America inakana Salim. Anavota maulendo 16 popanda kanthu. Amene anamasula mfundoyi anali Olara Otunnu wa ku Uganda, yemwe ankatsogolera Khonsolo mwezi wa Disembala chaka chimenecho. Onse awiri atachoka pa mpikisano, iye anayambitsa mavoti ongoyesera aja, ndipo mpando unagwera Javier Pérez de Cuéllar wa ku Peru, munthu wofatsa amene sanachite n'komwe kampeni ya phokoso. Salim pambuyo pake anatsogolera bungwe la mgwirizano wa mayiko a mu Africa la OAU kuyambira 1989 mpaka 2001.

Boutros Boutros-Ghali wa ku Egypt, munthu woyamba wa mu Africa kukhala pa mpandowu, anapambana mu 1991 atapikisana kwambiri ndi Bernard Chidzero wa ku Zimbabwe. Koma mu 1996, pamene ankafuna ulendo wachiwiri, mayiko 14 a mu Khonsolo anamuvomera, America yokha n'kukana. Kunali kutha kwake komweko. Ngakhale woyambirira, Trygve Lie wa ku Norway, anakumana nazo. Atagwirizana ndi zoti bungweli lilowerere pa nkhondo ya ku Korea mu 1950, Soviet Union inamukana. Msonkhano Waukulu unamuwonjezera zaka zitatu, koma a Soviet anasiya kumuwerengera ngati mlembi wamkulu, ndipo mu 1952 iye analengeza zotula pansi udindo.

Nanga munthu wochokera m'mayiko asanu aja angapikisane?

Lamulo silimuletsa, koma sizinachitikepo kuti wotere asankhidwe. Pamene ali ndi veto kale, kuwapatsanso mpandowu kungakhale kuunjika mphamvu malo amodzi. Palinso chizolowezi chosinthana zigawo za dziko, ngakhale sichitsatidwa mwandondomeko. Kum'mawa kwa Europe sikunatulukepo mlembi wamkulu.

Kodi anthu amenewa ankagwira ntchito yanji asanasankhidwe?

Ambiri anali akazembe kapena nduna zoona za ubale ndi mayiko ena, monga Lie, Waldheim ndi Ban Ki-moon wa ku South Korea. António Guterres ndiye yekha amene anatsogolerapo boma asanasankhidwe. Anali nduna yaikulu ya Portugal kuyambira 1995 mpaka 2002, kenako anayang'anira nthambi yoona za othawa kwawo kwa zaka khumi.

Awiri amandichititsa chidwi mwapadera. U Thant wa ku Burma anayamba ngati mphunzitsi, n'kukhala mphunzitsi wamkulu m'tauni yaing'ono ya Pantanaw. Munthu yemweyo mu 1962 ndi amene ankatumiza mauthenga kwa Kennedy, mtsogoleri wa America, ndi Khrushchev, mtsogoleri wa Soviet Union, pamene mkangano wa mizinga ya ku Cuba unatsala pang'ono kuyatsa nkhondo ya nyukiliya. Kofi Annan, wobadwira ku Kumasi ku Ghana mu 1938, analowa ntchito m'bungwe la zaumoyo la WHO ku Geneva mu 1962 pa udindo wotsika, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pa ofesi ya mlembi wamkulu ya pa nsanjika ya 38 ku New York mu 1997. Ndiye woyamba kuchokera pakati pa antchito a United Nations. Mbiri yake ili ndi bala: iye ndi amene ankayang'anira nthambi ya asilikali osungitsa mtendere mu 1994, pamene anthu a ku Rwanda ankaphedwa mwaunyinji dziko likungoyang'ana, ndipo pambuyo pake anavomera kuti akanatha kuchita zambiri. Mu 2001 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi bungweli.

Akangosankhidwa, amamvera ndani?

Gawo 100 limamuletsa kulandira malangizo kwa boma lililonse, ngakhale la kwawo. Gawo 99 limamupatsa ufulu wokaitula ku Khonsolo nkhani iliyonse imene iye akuona kuti ingasokoneze mtendere. Guterres anagwiritsa ntchito gawo limeneli mu Disembala 2023 pa nkhondo ya ku Gaza. Mlembi wamkulu alibe asilikali akeake, ndalama amadalira zopereka za mayiko. Chimene ali nacho ndi pakamwa pake ndi chikhulupiriro chimene mbali zokangana zili nacho pa iye.

Amene anaonetsa kukula kwa mphamvu imeneyi ndi Dag Hammarskjöld wa ku Sweden. Mayiko akuluakulu anamusankha mu 1953 poganiza kuti ndi munthu wa muofesi amene sawavuta. Anadabwa. Mu 1955 anapita iye mwini ku Beijing kukapempha kuti asilikali a ndege a ku America amasulidwe. Mu 1956, pa mkangano wa ku Suez, anakonza gulu loyamba la asilikali osungitsa mtendere. Pa nkhani ya Congo anayambana ndi Khrushchev, amene anafuna kuti atule pansi udindo ndipo mpandowo ugawidwe kwa anthu atatu. Iye anakana, ponena kuti bungweli lilipo makamaka chifukwa cha mayiko ang'onoang'ono amene amafuna chitetezo chake. Mu Sepitembala 1961, akupita kukakumana ndi Moïse Tshombe, mtsogoleri wa chigawo cha Katanga chimene chinkafuna kudzipatula ku Congo, ndege yake inagwa usiku m'nkhalango pafupi ndi Ndola, ndipo anthu onse 16 amene anakweramo anamwalira. Kafukufuku amene anatsogolera jaji Mohamed Chande Othman wa ku Tanzania anapeza kuti n'zotheka ndithu kuti ndegeyo inachita kuukiridwa.

Kodi pali chimene chasintha pa kasankhidwe?

Chilipo. Mu 2015 Msonkhano Waukulu unagamula kuti mayina a opikisana azilengezedwa poyera. Mu 2016 anthu 13 anaima, 7 mwa iwo amayi, ndipo ambiri anaimirira pamaso pa nthumwi n'kumayankha mafunso anthu akuonera pa intaneti. Zinali zisanachitikepo. Ine ndimaona kuti ndi sitepe yabwino, chifukwa n'kovuta tsopano kutulutsa munthu wosadziwika usiku n'kumuveka udindo. Komabe chigamulo chenicheni chinachitikira m'chipinda chotseka chomwe chija, pa mavoti ongoyesera 6, ndipo amayi onse aja anatsalira.

Anthu ena akhala akupempha zinthu ziwiri zimene ndikugwirizana nazo. Choyamba, Khonsolo izitumiza mayina angapo kuti Msonkhano Waukulu usankhe zenizeni. Chachiwiri, mlembi wamkulu azikhala ulendo umodzi wokha wotalikirapo, mwina zaka 7, kuti asamayankhule mwamantha poopa veto pa ulendo wachiwiri. Zimenezi sizifuna kusintha Gawo 97, chifukwa gawolo silinena kuchuluka kwa mayina kapena kwa zaka. Nthawi yachiwiri ya Guterres ndi yofika pa 31 Disembala 2026, ndipo womulowa m'malo ayenera kuyamba ntchito pa 1 Januwale 2027.